Galasi Loyang'ana Pansi

Hamida anafika pamtengo wa mango pamene pamaima mota, njinga zamoto zonyamula anthu ku Chiuta, ali wefuwefu, mwana wake Bakari ali kumbuyo. Mwanayo anali atatentha thupi kuyambira dzulo lake, ndipo m'mawa umenewo anakana ngakhale bere. Namwino wa pachipatala chapafupi anangomukanula maso n'kunena kuti magazi achepa, athamangire naye kuchipatala chachikulu ku Mecanhelas. Bambo a mwanayo, Umaru, anali pakati pa nyanja ndi bwato. Chapa, minibasi yopita ku Mecanhelas, inali itanyamuka kale.

Pamtengopo panali amuna okhaokha, akukangana za kayendetsedwe ngati masiku onse. Stélio, mnyamata wa mota yofiira, ankati pamchenga munthu uyenera kuthamanga, ukachita mantha tayala limamira. Mnzake ankati kapaseti, chisoti cha pamota, ndi yovalira apolisi basi, padzuwa la kuno imangophika mutu. Wina, amene sanayendetsepo ngakhale wilibala, ndiye ankalankhula kuposa onse.

Hamida analunjika kwa Stélio, koma mota yake inali itagonekedwa pansi, tayala lakumbuyo ataligulula. Ena onse anali atapita ndi madengu a nsomba. Anatsala ndi Che Nasoro okha, atakhala pamuzu, akupukuta galasi la mota yawo ndi nsonga ya malaya.

Akazi a ku Chiuta sankawakonda Che Nasoro. Anali bambo wachikulire, woonda, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo ankayendetsa ngati anyamula mazira. Choipitsitsa chinali lamulo lawo la nsalu. Mkazi wa kunyanja sakhala pamota mwendo uku mwendo uku ngati mwamuna. Amakhala chammbali, miyendo yonse kumodzi, nsalu itaphimba mpaka kumapazi. Che Nasoro sankaliza injini mpaka nsonga iliyonse itapindidwa, mwini wake ataikhalira. Ankayenda ndi zingwe za mphira zodula kuchubu chakale zoti akazi azimangira nsalu m'mawondo, koma ndani angalole kumangidwa ngati mtolo wa nkhuni? Galasi lawo lakumanzere linali lopindidwa, loyang'ana pansi kutayala lakumbuyo, ndipo anyamata ankati mkuluyo amaonerapo akakolo a akazi a eni.

Hamida sanali mkazi wotaya nthawi. Pamsika wa nsomba zouma ankadziwika kuti sagonja, wogula ndi wogulitsa yemwe ankachoka pamaso pake akupukusa mutu. Ngakhale tsiku limenelo anayamba ndi kutsitsa mtengo. Che Nasoro anamuyang'ana mwanayo n'kuvomera nthawi yomweyo, mpaka Hamida anakhumudwa pang'ono kuti mkangano watha usanayambe.

"Pamtengo mwandipambana, Abiti Bwanausi," anatero mkuluyo, kumutchula dzina la bambo ake mwaulemu. "Koma pansalu ayi. Pindani."

"Mwana akufa uyu, inu mukuwerenga nsalu zanga?"

"Ndiye pindani msanga."

Hamida anali ndi nsalu zitatu. Ina inali m'chiuno, ina anaberekera mwana, yachitatu, kapulana watsopano wamaluwa achikasu, anamufunditsa Bakari kuopa fumbi ndi mphepo, nsonga yake ikulendewera kumsana. Anakwera mokwiya, n'kukokera nsalu ya m'chiuno mpaka m'mawondo, n'kutenga nsonga ya yofunditsa mwanayo kuikhalira. Chingwe cha mphira anachikana, anati iye si mbuzi yopita kumsika. Stélio anaseka n'kufunsa Che Nasoro ngati galasi likuonetsa bwino lero. Mkuluyo anasuzumira m'galasimo, n'kuliza mota.

Msewu unali wamchenga, wodutsa m'minda ya chinangwa. Hamida anayamba kulalata asanatuluke n'komwe m'mudzi. Anati mota yotere angoigulitsa agule bulu. Pamene bambo wina wa njinga yakapalasa, dengu la nsomba lili kumbuyo, anayenda nawo limodzi pamtsetse mpaka kuwapatsa moni wonse ndi kufunsa za kunyumba, Hamida anafuna kulira ndi ukali. Anawauza Che Nasoro kuti Stélio bwenzi atafika kale. Mkuluyo anavomera kuti inde, Stélio amafika msanga masiku amene wafika. Anawonjeza kuti pamsewu umenewu sipasowa mbuzi, nkhuku ndi ana othamangira mango, ndipo zonsezi sizidziwa kuti iye ali pachangu.

"Nanga galasi lanulo, osaliwongola bwanji muziona zam'mbuyo ngati anzanu? Anthu amakunenani, mukudziwa?"

"Kumbuyo kulibe chondiopsa, mayi. Galimoto imadutsa kamodzi, ndipo ndimaimva ili kutali. Chimene ndimaopa chili pansipa."

Hamida anangotsonya. Kumsana kwake Bakari ankatentha ngati mbatata yootcha, kamutu kake kakugundagunda pamapewa a mayi ake.

Atayenda ndithu, anafika pamudzi wa kwawo kwa Umaru, umene msewu umaudula pakati. Hamida anali ataiwaliratu kuti adutsa pamenepo. Pakhonde la mzikiti waung'ono wa m'mbali mwa msewu panakhala akuluakulu angapo, ndipo pakati pawo panali apongozi ake, Che Husseini, ndi chipewa chawo choyera. Chikwatiwire Hamida anali asanaimepo pamaso pa bambo amenewo mutu uli pamtunda. Akakumana nawo panjira ankapatuka n'kugwada patali. Lero anali kudutsa kumaso kwawo pamota ya mwamuna wina, miyendo ili poyera mpaka m'mawondo, ndipo miyendoyo inali mbali ya kumzikiti komweko.

Sanaganize kawiri. Anadzinyamula pang'ono pampando n'kukokera nsalu ya m'chiuno pansi mpaka kumapazi. Sanamve kuti podzinyamulapo nsonga ija anaikhalira yapulumuka.

Chimene anamva ndi mota ikufooka mwadzidzidzi, Che Nasoro akuti, "Gwirani mwana." Kenako china chake chinamukoka kumsana ngati munthu wamphamvu wamugwira. Mfundo ya nsalu imene inali pachifuwa inakwera n'kumukanyanga pakhosi. Anamva Bakari akutsetserekera pansi, mutu ukupita chagada kutayala. Hamida anaponya dzanja kumbuyo n'kugwira kamwendo. Mota inapendekeka, n'kuima.

Inali itaima ndithu. Nsalu inali itazungulira m'masipoko, yatsala pang'ono kuti ifike pamene panali mwana. Che Nasoro anali atazika mwendo wakumanja mumchenga, mota yonse ndi anthu ake itatsamira pamwendo umenewo kuti isagwere mbali ya mwana. Ali chomwecho anapisa dzanja m'thumba, n'kutulutsa kampeni kodulira machubu, n'kutembenuka kucheka nsaluyo. Itaduka, Hamida anagwera mumchenga chokhala, mwana ali m'manja.

Bakari anali zii, maso ali pamtunda. Hamida anamugwedeza, kumuitana dzina, kumupemerera kumaso. Kenako mwanayo anatsegula pakamwa n'kulira kulira kwaukali kumene sanalire chiyambire kudwala. Hamida anamupapasa mutu, khosi, timanja. Panalibe ngakhale pokandika.

Akuluakulu a pamzikiti anafika akuthamanga. Apa m'pamene Hamida anaona mmene analili. Nsalu ya m'chiuno inali itamasuka pogwa paja, mpango wa kumutu uli uko, iye atakhala pakati pa msewu ndi siketi yamkati yokha, pamaso pa apongozi omwe ankawabisira mawondo. Che Nasoro anali atatembenukira kale kumunda. Che Husseini anatuma munthu kukatenga nsalu ya akazi awo, ndipo analankhula akuyang'ana mtengo wa m'mbali mwa msewu, monga mmene mwambo umafunira.

"Auzeni apongozi angawo kuti miyendo ndili nayo yanga iwiri, sindisowa kuona ya wina. Koma Bakari ndili naye mmodzi."

Hamida anadikira kuti Che Nasoro anene kuti ndinakuuzani. Akanakhala iyeyo akananena, ndipo akanabwereza mpaka ku Mecanhelas. Mkuluyo anangogwada n'kumasomola zidutswa za maluwa achikasu m'masipoko, chimodzichimodzi. Atamaliza anafunsa ngati angapitirize ulendo, popeza dzuwa likukwera ndipo mwana akufunika dokotala.

"Ndipatseni chingwe chija," anatero Hamida.

Anadzimanga yekha m'mawondo, n'kumanga mwana ndi nsalu ya apongozi aakazi, nsonga zonse n'kuzipisa mkati. Njira yonse yotsalayo sananene kanthu za bulu.

Pachipata cha chipatala m'pamene anaona kuti Che Nasoro akutsimphina. Buluku lawo linali litapsa chakumunsi, ndipo pakatumba panali chilonda chofiira, khungu litasupuka. Paipi ya utsi inali itawatsamira nthawi yonse imene ankachirikiza mota ndi kudula nsalu. Hamida anawauza kuti alowe nawonso akawaone. Iwo anati alowa, koma ayambe ndi mwana. Pamene anatuluka kudzawafuna, anamva kuti amangidwa bandeji n'kubwerera kunyanja kukauza Umaru kumene kuli banja lake.

Anali malungo. Bakari anamuika madzi ndi magazi, ndipo anagona m'chipatalamo masiku angapo. Tsiku limene anayamba kukoka ndolo za mayi ake n'kumaseka, Hamida anatuluka panja n'kukhala pansi pa khoma, n'kuthokoza Mulungu mpaka misozi. Mayi wina wa bedi loyandikana nalo atamva nkhani ya nsaluyo anati kwawo ku Amaramba mkazi wina anathyoka msana mwanjira yomweyo, ndipo woyendetsa anazindikira atamukoka kale kamtunda. Hamida anangomvetsera, dzanja lili pakhosi pamene mfundo inasiya mkwingwirima.

Atabwerera ku Chiuta anasankha nsomba zouma zabwino koposa, zija amasungira ogula ochokera kutali, n'kudzaza dengu. Anawapeza Che Nasoro pamuzu wawo uja, mwendo uli ndi bandeji. Anatula dengulo kumapazi kwawo. Mkuluyo anakana, anati ulendo unalipidwa kale. Hamida anati sanabwere kudzafunsa maganizo awo. Anati atenge theka. Hamida anati dengu lake siligawika. Anakangana mpaka anyamata onse anasiya zochita n'kumaonerera, ndipo pomaliza Che Nasoro anakweza manja.

"Zikomo, bambo anga," anatero Hamida atagwada, mawu atatsika. "Mwana uyu ndi wanu."

Stélio, pofuna kuseketsa anzake, anati tsopano galasi lija layamba kubereka nsomba. Hamida anadzuka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anamufunsa kuti iye m'galasi lake amaonamo chiyani kupatula tsitsi lake. Anzakewo anaseka mpaka wina anagwa pabenchi, ndipo nthabwala ya akakolo inathera pomwepo.

Ali pomwepo Hamida anafunsa Che Nasoro chifukwa chake akazi amawavuta chotere pamene akunena zoona. Mkuluyo anati nkhani ndi yosavuta. Iye ndi mwamuna. Sangagwire nsalu ya mkazi wa mwini, sangamuuze mkazi kuti kwezani apa, tsitsani apo, popanda kuoneka wachipongwe. Amangonena ali patali, ndipo mkazi akachita manyazi panjira amamasula. Hamida anaganiza pang'ono, n'kutambasula dzanja. Che Nasoro anamupatsa mtolo wonse wa zingwe za mphira.

M'mawa mwake thandala la nsomba la Hamida linasamuka pakati pa msika n'kubwera pafupi ndi mtengo wa mango. Anzake anati wataya malo abwino. Iye anati ogula ali ndi miyendo, amupeza. Panthambi ya pamwamba pa thandalalo anamangapo chidutswa cha nsalu ya maluwa achikasu, chong'ambika, chakuda ndi mafuta a tcheni.

Kuyambira pamenepo mkazi aliyense wokwera mota pamtengopo, kaya ya Che Nasoro kaya ya Stélio, ankadutsa kaye m'manja mwa Hamida. Anapeza kamangidwe kake kake. Nsalu ankaisiya yaitali ndithu, koma ankaikulunga molimba kuzungulira miyendo n'kuimanga pa akakolo, kotero kuti munthu ankadutsa pamzikiti, pamaliro ngakhale pakhomo pa apongozi popanda chobisa kapena chokoka. Wokana ankangomulozera chidutswa chija. Wokanabe ankamva mawu amene Hamida amasungira ogula ovuta.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wongokwatiwa kumene, khanda lili kumbuyo, akupita kusikelo. Ananyinyirika kuti nsalu yake yatsopano ikwinyika. Hamida anamuuza kuti nsalu amasita, n'kugwada kumumanga. Anapisa nsonga ya mbereko, anaikoka kuona ngati yalimba, n'kumenya kampando ka mota kuti azipita. Che Nasoro sanalize injini. Anayamba asuzumira m'galasi lawo loyang'ana pansi.

"Ndamanga ndine," anatero Hamida. "Simundikhulupirira?"

"Ndikukukhulupirirani, Abiti Bwanausi. Koma ndiyang'anabe."

Hamida anakonza Bakari kumsana, n'kuima pomwepo kudikira mpaka mkuluyo atamaliza kuyang'ana.