Ana Atsale ku Magaleta

Ndiye kuti akufuna mwamuna akasamuka ana azimulondola ngati anapiye, basi chifukwa choti tebulo la mayina la m'kompyuta yawo ya ku Blantyre limayambira pa dzina la bambo. Ezekiele anabwereza mawuwa mumtima kachitatu, maso ali pa kompyuta, khutu lili kwa a Gregory, bwana wa bungwe lawo amene anafika m'mawa ndi fumbi la msewu wa Mwanza m'tsitsi, ndipo tsopano anali pakhonde akumwa tiyi. Bwanayo anali atanena kale zonse, mwaulemu, akumwetulira: kuti galimoto inyamuka folo koloko, kuti ikamanyamuka pulogalamu ikhale itabwerera mwakale, kuti ngati zavuta asadandaule, ku tauni kuli anyamata a madigiri amene angaikonze tsiku limodzi.

Anyamata a madigiri. Iye anakhoza folomu folo ya sukulu ya usiku ali ndi ndevu kale, ndipo zolemba mapulogalamu anaziphunzira m'buku lopanda chikuto limene mzungu wina anasiya m'kabati, akuwerenga mzere umodzi kasanu mpaka utalowa. Komabe kaundula wa katemera wa ana a ku Magaleta, Ligowe ndi Chifunga, m'boma la Neno, ndiye anamulemba, osati wa digiri, ndipo ndiye anakonza zoti munthu akasamuka mudzi usalembenso chilichonse, ungogwira dzina lake ndi mausi, kulikoka pa kompyutapo kuchoka pa zenera la mudzi uwu, n'kukaligwetsa pa zenera la mudzi uwo.

Anthu amaona ngati chimene chikukokedwa ndi dzina lokha. Sadziwa kuti chala chikangokanikiza, pulogalamu imamanga mtolo, ndipo mtolowo imaumanga m'njira zingapo, monganso imachitira ukakopera chinthu pa kilipibodi, kathumba kosaoneka kaja mmene kompyuta imasungira zimene ukufuna kukamata kwina: mmenemo mumalowa mawu wamba amene pulogalamu iliyonse imamva, mumalowanso mamangidwe ako ako amene imamva ndi yako yokha. Pulogalamu yolandirayo imasuzumira, n'kusankha mtolo umene ikuudziwa, winawo n'kuusiya. Poyamba Ezekiele anamanga mtolo monga a ku Blantyre anamuuzira, mutu wa banja patsogolo, mkazi ndi ana pambuyo pake, onse pa chingwe chimodzi, ndipo sanafunse kanthu, pakuti anakulira masiku amene munthu wofunsafunsa ankasowa, ndipo ngakhale matipate anabwera, pakamwa pake panali pasanazolowere.

Kenako kunachitika za chaka chatha. Bambo wina banja litatha anachoka ku Magaleta kubwerera kwawo ku Chifunga, mlembi anakoka dzina lake, ana atatu n'kupita naye limodzi m'kaundulamo, pamene anawo anali khale pakhomo pa mayi wawo, pansi pa malume awo, monga mmene ana onse kuno amakhalira. Mlangizi wa zaumoyo wa ku Chifunga anawafunafuna osawapeza, wa ku Magaleta analibe mayina awo papepala, ndipo chikuku chitabwera chinapeza wamng'onoyo alibe jakisoni. Sanamwalire, ayi, koma diso limodzi linayera, ndipo Ezekiele anamuona mwanayo pamsika, ali kumsana, akutembenuza mutu wonse kuti aone ndi diso linalo. Palibe amene anamuloza chala. Ndani akanadziwa kuti chingwe chija anachimanga ndi iye?

Ndipo anamasula. Analemba mamangidwe atsopano nawatcha Mbumba, mmene ana amamangidwa kwa mayi, mwamuna n'kukhala pa mzere wakewake, woti akhoza kuchoka osagwedeza aliyense. Ngakhale mawu wamba opita ku tebulo la ku Blantyre anawasanja chomwecho. Ndicho chinawabweretsa a Gregory: akamata mndandanda wa Neno mu tebulo lawo, akuti mukutuluka mabanja opanda mitu ndi amuna oyandama okha, ndipo azungu opereka thandizo akufunsa ngati ku Neno kunagwa nkhondo.

Njira yachidule inalipo, ndipo inkamunong'oneza kuyambira m'mawa. Kathumba kaja sikakana katundu: akhoza kusiya Mbumba m'kati, n'kuwonjezera mtolo wachitatu womangidwa mwakale, woti tebulo la ku Blantyre lizitola, bwana n'kupita akusangalala, ntchito n'kukhalapo. Mizere khumi yokha ya pulogalamu, mwina khumi ndi iwiri. Anafika poyamba kuilemba, anafika pa wachinayi, kenako anakumbuka kuti mapepala amene alangizi amanyamula popita kumidzi amasindikizidwa ku Blantyre komweko, kuchokera mu tebulo lomwelo, ndiye kuti choona chikanatsala muno mu ofesi, chotsekeredwa bwinobwino, pamene bodza likanakwera njinga n'kumazungulira midzi. Anafufuta mizere inayi ija, chilembo chimodzichimodzi, ngati akuzula minga kuphazi.

Koma kodi n'chifukwa cha mwana wa diso uja, kapena n'chifukwa cha iye mwini? Funsoli ndi limene linkamuluma, pakuti miyezi isanu ndi iwiri yapitayo nayenso anasudzulidwa ku Magaleta, a Fackson, malume a mkazi wake Stelia, atanena pamaso pa ankhoswe kuti mkamwini wamabuku salimitsa munda, kuti denga likudontha iye ali kalikiliki ndi wailesi ya zithunzi ya ku ofesi — ndipo sananame, denga linkadonthadi, Stelia ankatchera mabeseni — ndipo iye anatuluka ndi chikwama ndi buku lopanda chikuto lija, ana ake Ruth ndi Laimoni ataima pa mtondo akumuyang'ana. Mwina akumenyera mwambo umene unamulanda ana kuti adzilange. Mwina akufuna a Fackson adzamve tsiku lina kuti mkamwini wachabechabe uja ndi amene anaimira mbumba yawo pamaso pa bwana wa ku tauni. Mwina ndi mwano chabe wa munthu amene sanayankhe pamene ankayenera kuyankha, ndiye akuyankhira pamalo polakwika. Kaya. Ngakhale zitakhala zonsezo, ana ali ku Magaleta, ndipo jakisoni ayenera kukawapeza ku Magaleta.

Jenereta inatsokomola n'kupitiriza. A Gregory analowa, kapu ili m'manja, nafunsa ngati zatheka.

"Sindinasinthe, bwana."

A Gregory sanakwiye, ndipo zimenezo zinamuopsa Ezekiele kuposa ukali. Anakoka mpando, nati dziko lonse limawerenga mabanja ndi abambo, Neno si dziko palokha, ndipo munthu asamaike mavuto a kunyumba kwake m'makina a bungwe. Ndiye amva, Ezekiele anaganiza, wina wawauza, mwina dalaivala, mwina mlembi amene amaseka naye tsiku ndi tsiku. Koma anawayankha kuti tebulo ndi limene lisinthe, chifukwa tebulo silidwala chikuku.

A Gregory anayang'ana wotchi, kenako zenera la Magaleta, nayendetsa chala pa galasi mpaka chinaima.

"Kodi si inu awa? Paja mumakhala ku Ligowe tsopano, eti? Tandionetsani mmene zimayendera."

Dzina lake linalipodi. Miyezi isanu ndi iwiri anasamutsa amuna a eni ake makumimakumi, koma lake analisiya pomwepo, pamwamba pa Stelia, pafupi ndi Ruth ndi Laimoni, iye amene akuphunzitsa bwana za choona. Akanakhala mamangidwe akale, akanakoka onse anayi n'kukawagwetsa ku Ligowe, m'kachipinda kake ka lendi, ndipo kompyuta ikanavomera osafunsa ankhoswe.

Ezekiele anaika muvi wa mausi pa dzina lake, nakanikiza. Mzere umodzi wokha unanyamuka, wotuwa, woonekera mkati, ndipo pansi pake mayina atatu aja sanagwedezeke n'komwe, anangosendera m'mwamba pang'ono m'maganizo mwake, kutseka mpata. Kunja dalaivala analiza injini. Muvi unatuluka pa zenera la Magaleta n'kulowa pa mpata wopanda kanthu wa pakati pa midzi iwiriyo, pomwepo unasanduka kabwalo kodulidwa pakati, chizindikiro choti pano sungagwetse chilichonse.

"Gwetsanitu, a Ezekiele."

Chala chinali chikadakanikizabe mausi, ndipo chimene chinamudabwitsa, a Gregory akupumira pa phewa lake, n'chakuti mtolo umene anaumanga yekha molondola chotere unali wopepuka zedi.