Kulira kwa Amayi mu Gemu ya Stafford

Stafford anali ndi matenda osakaniza zinthu. Ali ku sekondale analembapo nkhani ya chikondi yomwe pakati pake panatulukira mfiti ndi wapolisi, aphunzitsi mpaka kugwira mutu. Atapita kukaphunzira makompyuta ku Blantyre, matendawo anangokulirakulira. Anabwerako ndi gemu yopanga yekha, n'kuiika pa TV m'kachipinda pafupi ndi malire a Mwanza, momwe madalaivala ankatayiramo nthawi podikira mapepala a katundu.

Gemuyo inali ya mpikisano wa mathiraki kuchokera ku Zobue, kutsidya kwa malirewo, koma yanthabwala: mbuzi zodumphira mumsewu, njinga zamakala zokana kupatuka. Stafford anati nthabwala zokhazokha ndi ndiwo zopanda mchere, pafunikanso chisoni. Ndiye anatenga mawu omwe anajambula pafoni pa maliro a bambo ake, amenenso anali dalaivala ndipo anafera mumsewu womwewo. Thiraki ikagubuduzika, pankamveka mayi akulira: "Aphiri anga ine, anawa mwandisiyira yani?"

Chisoni chakecho palibe anachimva. Madalaivala ankafa nazo kuseka, ena kugwetsa dala thiraki kuti amvenso. Stafford poyamba zinkamuwawa, kenako anazolowera, poti anthu ankadzaza.

Loweruka lina masana amayi ake, a Rozina, anatulukira kuchokera kwa Nthache atasenza dengu la manachesi. Anaima pakhomo nthawi yomwe dalaivala wina, Petro, ankagwetsa thiraki yake.

"Tamverani gogoyu," anatero Petro, uku akutsanzira kulirako, anzake atagwira m'mimba.

A Rozina anatula dengu pang'onopang'ono, n'kumvetsera mpaka mawuwo anatha.

"Kodi ameneyo si ine?" anafunsa.

Petro anavula kapu, n'kuyang'ana pansi. Stafford manyazi anamugwira mpaka kusowa poika maso, chifukwa mawuwo anawaika mu gemumo osawapempha n'komwe amayi akewo.

"Amayi, ine ndimafuna anthu azimva chisoni akamaseka," anatero Stafford. Iye mwini anamva kupusa kwake.

Amayi ake sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangomanganso chitenje chawo.

"Bambo ako ndinawalira tsiku lija azimayi atandigwira uku ndi uku," anatero. "Kunoko wandiliritsa kangati, mwanawe, popanda wondigwira?"

Anatuluka, manachesi aja n'kuwasiya pakhomo pomwepo.