Mbale Zimene Tokuji Anazikana

Amuna anga a Tokuji amaumba mbale zadothi, ndipo amaziwotcha kamodzi pachaka. Uvuni ukazizira amakhala pakhomo pake ndi hamala, mbale imene sinawakomere m'maso, phwa! Akuti yoipa ikatuluka pakhomo pano, dzina lawo lafa. Ine zimandipweteka, sindinama. Ndiye chaka chilichonse ndinkabako imodzi mwa zokanidwazo n'kubisa m'kabati, kuseri kwa zofunda. Akanadziwa, banja likanagwedezeka.

Tsiku lina masana kunabwera mayi Ogasawara a ku Kyoto kudzasankha mbale za chionetsero. Anayendera mashelefu onse, nkhope ili gwa. Ine phuma lophika tiyi, ndinawathirira m'mbale yanga yobisa imene ndinamwera m'mawa. Kupusa kwake!

Atamwa anaitembenuza monga achitira mlendo waulemu, n'kuona chidindo cha a Tokuji kunsi.

“Aphunzitsi, mwandiyendetsa m'mashelefu monsemu chikhalirecho yeniyeni mwabisa kukhitchini? Iyi ndiyo ikhale pakhomo pa chionetsero.”

A Tokuji anaiyang'ana.

“Fumie, iyi si ndinaikana chaka cha chigumula chija?”

“Munaikana, bambo.”

“Nanga ikutani pano?”

“Imandimwetsa tiyi.”

“Ilipo yokhayi?”

Ndinanyamuka. Ndinakatsegula kabati n'kuyamba kutulutsa. Makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi, ndandanda pamkeka.

Mayi Ogasawara anagwada, nanyamula imodziimodzi ndi manja awiri. “Mayo ine! Iyinso? Ndi iyi? Aphunzitsi, ndikutenga zonsezi. Za m'mashelefuzo zitsale.”

Ndinadikira kukalipiridwa. Bambowa galu akangouwa pafupi ndi uvuni amalusa tsiku lonse. Koma anangokhala pansi, natenga imodzi yokhota mlomo, kuizunguza pang'onopang'ono pafupi ndi zenera. 

“Unkasankha bwanji?”

“Sindinkasankha, bambo. Ndinkangotola imene ili pafupi, inu mukatembenuka.”

“Osasankha n'komwe?”

“Nthawi yake iti, inu muli ndi hamala m'manja?”

Anayang'ana panja, kuseri kwa uvuni, kumene mulu wa mapale wa zaka zonsezi watalika kufika m'chiuno. Ndinachita mantha kuposa akanandikalipira.

“Fumie,” anatero, “ndiye m'mulumo ndakwiriramo zingati zotere?”