Gweru la a Rabson

A Rabson anamwalira asanavalepo suti. Ngakhale tsiku limene anadalitsa ukwati wawo ndi a Fagness ku Mua, anangovala malaya oyera a manja aatali, ndipo pofika masana anali atawapinda kale mpaka m'zigongono, ati kukutentha. Anali munthu wa m'matope, masiku awo ambiri anathera m'munda wa mpunga ku sikimu ya Bwanje. Ku Golomoti ankadziwika ndi zinthu ziwiri, kuseka kosatseka pakamwa ndi gweru. Dzino lina lam'mwamba linachoka kalekale, ng'ombe itawagunda ndi goli akuimanga pa ngolo. Pa mpata umenewo ndi pamene pankatulukira mluzu wakuthwa, woti mpheta zikaumva zinkathawa m'munda mwawo ndi m'minda ya anzawo momwe.

Chaka chitatha, nthawi yovundukula chiliza inakwana. Masiku ano chiliza chopanda matisheti a nkhope ya malemu anthu amachinena, ndipo pa nkhani yonena anthu akwathu satopa. Ireen, mwana wawo woyamba amene amagulitsa nsalu ku Lilongwe, anati za matisheti zimenezo amusiyire iye. Chinkafunika ndi chithunzi chabe.

Chithunzi chinalipo chimodzi chokha. Anajambula ndi munthu wina woyenda ndi kamera pa njinga, tsiku lokolola. A Rabson anaima ndi chikwakwa m'manja, chipewa chong'ambika kumutu, akuseka, gweru lili poyera. Madzi osefukira a chaka china anachinyowetsa, mbali ina ya nkhope n'kuchita mawanga. A Fagness ankachisunga m'chitini cha singano ndi ulusi, ndipo chimwalirireni amuna awo ankatsegula chitinicho m'mawa uliwonse. Panali chinthu chimene anali asanauze munthu aliyense. Nkhope ya amuna awo inali itayamba kuwathawa. Mawu ankawakumbukira, kayendedwe ankakakumbukira, koma nkhope ikabwera inkaima patali ngati munthu wa tsidya lina la munda m'mawa wa nkhungu. Chithunzicho ndi chimene chinkaibweza pafupi.

"Ukachisamale iwe," anatero popereka. "China palibe."

"Musadandaule amayi, ndibwera nacho," Ireen anayankha, n'kuchiponya m'chikwama.

Anabwera litangotsala tsiku limodzi kuti mwambo uchitike, atasenza thumba lalikulu kuchokera pa msewu. Abale anali atasonkhana kale pansi pa mtengo wa mango. Ireen anamasula thumbalo mwachimwemwe, anatulutsa tisheti imodzi n'kuitambasula m'mwamba kuti onse aone.

Azimayi anaimba nthungululu. A Jailosi, akulu awo a malemu, anavula chipewa n'kupukusa mutu. "Ndi yemweyu," anatero. "Mwana wa mayi anga! Taonani mmene watchenera, ngati bwana wa ku banki."

A Fagness anailandira tishetiyo, anaiyandikiza kumaso, kenako anaitalikitsa. Panali bambo wina wovala suti yakuda ndi tayi yofiira. Mphuno inali ya a Rabson, nsidze nazonso zinali zawo. Koma khungu linali losalala ngati la munthu amene dzuwa la ku Bwanje silinamuwotchepo. Mphini za m'mbali mwa maso, zimene anawatemera ali mwana chifukwa cha litsipa, panalibe. Dzanja limene linkagwira chikwakwa tsopano linali pachifuwa, zala zake zazitali zofanana zonse, chala chachikulu chitalowerera m'jekete osaoneka pothera. Kumbuyo kwake kunali chinyumba cha magalasi cholembedwa zilembo zosawerengeka m'chinenero chilichonse. Ndipo munthuyo ankamwetulira, mano oyera mbee, onse okwanira.

"Ameneyu ndani?" anafunsa a Fagness.

Anthu anaseka poyesa kuti ndi nthabwala. Ireen yekha sanaseke.

"Ndi ababa, amayi. Chithunzi chija chinali chowonongeka, ndiye ndinachikonzetsa ndi AI. Ndi nzeru za pakompyuta. Umaipatsa chithunzi, umaiuza zimene ukufuna, pamene panafufutika imadzaza yokha."

"Imadzaza ndi chiyani? Inawaonapo bambo ako?"

"Ayi, imangoganizira."

"Ndiye inaganiza kuti bambo ako anali ndi mano onse."

"Alamu, musavute mwana," a Jailosi analowererapo. "Mukufuna mng'ono wanga akaime pamaso pa anthu ndi matope komanso chipewa chong'ambika? Wamulemekeza bambo ake ameneyu."

Ireen anakhala pansi pafupi ndi mayi ake, misozi ili m'maso. Analankhula motsitsa mawu kuti ena asamve. "Ndinkawauza chaka ndi chaka kuti ndidzawagulira suti. Ankangoseka, ati udzandigulire mabuti a m'madzi. Anapita ndisanagule chilichonse, amayi. Ndinangofuna avale kamodzi kokha."

Apa a Fagness mkwiyo unawathera. Ungamukalipire bwanji mwana amene akulira bambo ake? Anamugwira dzanja n'kulisisita. "Wachita bwino, mwananga. Anthu avale. Ine ungondipatsa changa chija ndikabwezere m'chitini."

Ireen anayang'ana pansi.

Nkhani yake inatuluka pang'onopang'ono. Chithunzi chija anachisiya pa tebulo kwa anyamata odinda matisheti. Atabwerera kukachifunsa, anamuuza kuti kapepala konyowa kale ngati kameneko anakasesera kumodzi ndi zinyalala. Chimene anajambula pa foni nacho anafufuta foni itadzaza, poti chabwino chinali chitatuluka kale. Anafufuza paliponse m'fonimo osachipeza.

A Fagness sanalire. Anangoti "Oho," n'kudzuka kukathandiza amayi amene ankapeta mpunga wa mawa. Mumtima munkapweteka kuposa tsiku la maliro, chifukwa tsiku limene lija chitini chinali chikadali ndi munthu.

M'mawa mwake mudzi wonse unapita kumanda utavala bambo wa suti uja. Anali pa zifuwa za akwaya, pa zifuwa za zidzukulu, pa chifuwa cha akatekisiti amene anabwera kudzadalitsa chiliza. Kulikonse kumene a Fagness ankatembenukira, mano oyera aja ankawamwetulira. Iwo yawo sanavale, anangoipinda n'kuikulunga m'chitenje. Abale ochokera ku Mtakataka ndi ku Salima, ena oti anaonana ndi malemu kalekale, ankaloza zifuwa zawo n'kumati, "Ee, anali chonchi ndithu, munthu waukhondo." Waukhondo! Munthu amene mkazi wake ankachita kumuthamangitsira ku bafa ndi chidutswa cha sopo m'manja.

Nsalu inachotsedwa pa chiliza, nyimbo zinaimbidwa, anthu anabwerera kumudzi kukadya mpunga ndi nyama ya mbuzi. A Fagness anakhala pamkeka osakhudza mbale. M'mutu mwawo munali mutabwera maganizo, ndipo anafuna wowathandiza.

"Alamu," anaitana a Jailosi, "dzino la mng'ono wanu lija linachoka mbali iti?"

A Jailosi anasiya fupa, anagwira mlomo wawo ndi chala. "Kumanzere. Ndinalipo ine tsiku limenelo, ng'ombe yake inali ya malemu atate."

"Ayi atate aakulu, kunali kumanja," anatero Ireen. "Akamaimba mluzu ankapotoza mlomo chonchi."

"Ukamawayang'ana iweyo ndiye kumanja. Kwa mwini wake kunali kumanzere."

"Kodi silinali lam'munsi?" anafunsa mayi wina woyandikana nawo munda.

Anthu anayamba kutsutsana akuseka, aliyense akuloza m'kamwa mwake, ena akuweramira pa matisheti awo ngati kuti yankho lili pamenepo. Potsiriza a Jailosi anakweza dzanja. "Tikuvutikiranji? Mwini wake wa munthu ali pompano. Alamu, tiuzeni inu."

Onse anacheukira a Fagness. Anali mkazi amene anagona pambali pa munthuyo kuyambira ali mtsikana mpaka imvi, amene anamupukuta magazi tsiku la ng'ombe lija, amene anamutseka pakamwa atatsirizika. Anafufuza m'mutu mwawo, koma mbali ya gwerulo inali itawathawa nawonso.

"Ndikubwera," anatero, n'kudzuka.

Anapita kuseri kwa khitchini kumene kunalibe anthu. Pa mafuwa ozizira anatolapo khala limodzi lakuda bwino. Anakhala pa mtondo wogadabuzika, anamasula tisheti ija m'chitenje n'kuiyala pa maondo, anaiwongola ndi chikhatho. Sutiyo akanaipirira, chinyumba cha magalasi nacho akanachipirira. Ankangofuna kudetsa dzino limodzi basi, kuti munthuyu akhale ndi potulutsira mluzu, kuti m'mawa akamatsegula maso azikhala ndi pena poyambira kumukumbukira.

Anaika khala pa dzino la kumanzere, osalemba. Analisunthira kumanja. Nako sikunaoneke koona. Anatsinzina mwamphamvu kuti amuitane Rabson wawo, amuone akuseka pakati pa mpunga monga ankachitira kale. Anabwera ndithu, ndipo ulendo uno sanaime patali m'nkhungu. Anafika pafupi, nkhope yooneka bwinobwino, atavala suti yakuda ndi tayi yofiira, mano ake onse okwanira.

Kubwalo Ireen ankaitana kuti alendo a ku Salima akutsanzika. A Fagness anakhalabe pa mtondopo, khala lili m'mwamba pakati pa mano awiri, misozi ikudonthera pa tayi ya munthu amene sanakumanepo naye.