Chikasu Kunsi kwa Ndege

Bambo anga, a Venansio, anali ndi khalidwe limodzi limene linkandinyansa kuyambira ndili mwana. Ndege ikangolira kumwamba, ankaponya khasu pansi n'kukaima pansi pa mtengo, maso ali m'mwamba. Ndiye kwathu kuno, kumapeto kwa Machinjiri, ndege zopita ku Chileka sizisowa. Anthu ankaseka, ine manyazi n'kumandigwira.

"Ndege ya asilikali imanena yokha kwawo," ankatero. "Uziyang'ana kunsi kwake kapena m'mbali. Pamakhala chozungulira ngati mbale, chopakidwa mitundu ya mbendera ya eni ake. Kumchira amaikako kambendera ndi manambala. Ukaona zakuda, zofiira ndi zobiriwira, ndi yathu ya Malawi, pitiriza kulima. Koma ukaona chikasu pakati pa zobiriwira ndi zakuda, thawa, usatole ngakhale nsapato."

Chikasu chimenecho anachiona ali mnyamata ku Mozambiki, tsiku limene mudzi wawo unapsa pa nkhondo. Mkulu wawo anathamangira dala pabwalo kuti ndege itsate iyeyo, ang'ono ake apeze mpata wothawira kumtsinje. Sanamuonenso.

Nkhaniyi ndinaimva mpaka inandikola. Sindinadziwe kuti idzandipeza m'nyumba mwanga.

Namondwe wa Freddy atabwera, khoma la chipinda linagwera mwana wanga Sophie n'kumuphwanya mwendo. Mlatho unakokoloka, magetsi kunalibe, foni inazima. Nyumba yathu ili payokha kuseri kwa minda, ndipo mtsinje unali utatizinga. Tinatsala atatu, ine, Sophie ndi bambo, m'chipinda chimodzi chomwe chinapulumuka. Bala linayamba kununkha, thupi la mwana lili moto. Atasiya kulira m'pamene mantha anandigwira zenizeni.

M'mawa wina mvula itadukiza, tinamva phokoso la helikopita ikuuluka chapansipansi. Ndinatsomphola chitenje chofiira kuti ndikaikupizire. Bambo anali atafika kale pachitseko, diso lili pamng'alu.

"Chikasu," ananong'ona. "Petronela, khala pansi."

"Bambo, tachokani apo! Akufunafuna anthu ovulala amenewo!"

"Ndaona ndi maso angawa. Zobiriwira, chikasu, zakuda. Ndi omwe aja."

"Nkhondo yanuyo inatha kalekale! Kuno n'ku Blantyre!"

Ndinawakankha, koma nkhalamba ija inakakamira chitseko ndi mphamvu zomwe sindinkadziwa kuti ili nazo. Phokoso linadutsa pamwamba pa malata, n'kumachepa, n'kumachepa, mpaka zii.

Ndine wapakamwa, ndimadziwa. "Mwanayu akafa, mwamupha ndinu," ndinatero. Anangoyang'ana Sophie, amene milomo yake inali itauma gwa.

Posakhalitsa phokoso lija linayambiranso, likuchokera chakuphiri.

"Yabwerera," anatero bambo. Mawu awo anali atasintha, ali phee. "Zimatero zikaona utsi. Bereka mwana, utulukire pawindo la kuseri, ulowe m'chimanga. Usacheuke."

Ndisanayankhe anavula jekete, n'kutsala ndi malaya awo oyera a kutchalitchi. Anatsegula chitseko chomwe ankandikaniza chija, n'kutuluka.

Munthu amene pa ukalamba wake ankayendera ndodo anathamanga. Analunjika pakati pa munda umene madzi anaseseratu, poyera penipeni, kutali ndi nyumba. Ankaterereka m'matope, kudzuka, kukupiza manja, akukuwa m'Chisena mawu omwe sindinawamve. Apo m'pamene ndinazindikira zomwe ankachita. Helikopita inakhota n'kuwalunjika. Kunena zoona, pa kanthawi kameneko nanenso ndinakhulupirira. Ndinakumbatira Sophie, ndikudikira kulira kwa mfuti.

Inatsika pang'onopang'ono, mphepo yake ikugonetsa chimanga chotsala. Bambo anagwada m'matope, manja pamutu, maso atatsinzina.

Ndinatuluka ndi mwana kumsana, ndikukuwa. M'mbali mwa helikopita ndinachiona chizindikiro chija: zobiriwira, chikasu, zakuda, komanso buluu, mtundu umene maso a bambo sanauone. Munatuluka asilikali awiri atanyamula machira, ndi wina wa kwathu konkuno.

"Ndi anzathu a ku Tanzania awa, abwera kudzatithandiza," anafuula wa kwathuyo. "Tinadutsa koyamba osaona munthu. Mwayi wanu ndi madalawa, malaya awo aonekera patali."

Sophie anamugoneka pamachira n'kumulowetsa. Ine ndinathamangira pomwe bambo anagwada. Anali asanatsegulebe maso. Nditawagwira paphewa anadzidzimuka, n'kubisa mutu kwambiri.

"Ndine, bambo. Ndine Petronela."

Anagwira dzanja langa mwamphamvu, n'kulikankhira kutali.

"Iwe, ukutani kuno?" anatero akulira. "Ndinati usacheuke. Thawa ndi mwana, ine ndawachedwetsa kale."