Ndime ya a Silungwe

Amuna anga a Cornelius Silungwe atapuma pa ntchito, ine ndi amene ndinaona zakuda. Zaka zonse zija anali bwana wamkulu wa kampani ina ku Lilongwe. Akangotsokomola, anthu ankaimirira. Titabwerera kwathu ku Lufita, anasowa wowaimirira. Ankadzuka, kuvala malaya oyera, kuzungulira nyumba, kuyang'ana foni, kuzunguliranso. Ngakhale nkhuku zinatopa nawo. Tsiku lina anakwera kabaza mpaka pa Boma kukangoona ngati msika ukuyenda bwino. Anawatuma ndani?

Kenako a kampani inanso anayamba kuwaimbira kuti abwerere ku Lilongwe akawatsogolere. Moyo uja ine ndinatopa nawo: kudya ndekha, mwamuna kumuona ngati mlendo, adokotala n'kumadandaula za kuthamanga kwa magazi. Ndinawauza mosabisa kuti akapita, apita okha. Iwo anati ayesa kaye ulimi, ukakanika avomera.

Kwathu mvula ikayandikira timalimirana, lero kwa uyu, mawa kwa uyo, mwini munda n'kukonza thobwa. A Yakobo, mnzawo wa paubwana, atawaitana, a Silungwe anatumiza waganyu m'malo mwawo, ati nthumwi. Kwa ena anatumiza zakumwa za m'mabotolo. Ndinawachenjeza, koma bwana amauzidwa ngati?

Tsiku la munda wathu litafika, ndinaphika thobwa lodzaza mbiya. Iwo anakhoma zikhomo, kugawa ndime ndi chingwe, n'kuima pachulu manja kumbuyo, kudikira anthu. Dzuwa linakwera. Kunabwera munthu mmodzi yekha, waganyu, wotumidwa ndi a Yakobo. Ati nthumwi.

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma kuseka kunandithera nditaona amuna anga akutulutsa foni m'thumba kuti aimbire a ku Lilongwe. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti anthu sanakane munda wathu ayi, chimene akufuna ndi msana wawo, osati mabotolo. Foni ija sanaimbe. Anangoyendayenda pabwalo tsiku lonse, thobwa langa n'kusasa.

M'mawa mwake anthu ankalima kwa a Nanyondo, mayi wamasiye wa kutsidya kwa mtsinje. Ndinangoona amuna anga atenga khasu langa, poti lawo analibe, n'kundisungitsa foni. Ndinawatsatira.

A Yakobo anawalonjera bwinobwino, n'kuwaloza ndime pakati pa anzawo. Mpando panalibe. Abale inu, a Silungwe anatsalira kutali, malaya oyera aja atafiira, matuza ataphulika m'manja. Anthu ankawanena kuti akulima ngati akuopa kuipweteka nthaka. Iwonso n'kumaseka nawo, kuseka kumene ndinakumva komaliza tisanasamukire ku tauni.

Foni inalira ndikugawa thobwa. Anali a ku Lilongwe aja, akufuna yankho tsiku lomwelo. Ndinaganiza zoithimitsa, koma ndinadziwa kuti munthu sumumanga ndi bodza. Ndinapita nayo kwa amuna anga, n'kuwauza kuti akuimba ndi ndani.

Anayang'ana foniyo, anayang'ana anzawo amene anali atafika kale kumapeto kwa munda. A Yakobo anali atayamba kulima ndime ya a Silungwe kuchokera kumapetoko, kuti akumane nawo pakati.

"Auzeni kuti sindibwera, Maureen," anatero akukweza khasu. "Ndime yanga sinathe, ndipo mawa tikalima kwa a Jameson."

Ndinawauza a ku Lilongwewo momwemo, kenako ndinapita kukang'amba chitenje chakale choti amuna anga amange m'manja.