Basela wa ku Koleji

"Unalonjeza kundikonzera injini ya boti, chaka chatha ikadali yakufa!" anakalipa Abiti Sadik, mayi wogulitsa chambo pamsika wa Mangochi.

Mwana wawo Zubair anapita kukoleji kukaphunzira zamakina, koma anabwerako ndi mbiri yakale, ndakatulo ndi luso lolankhula pagulu.

"Amayi, amatiyambitsa zimenezi kuti mutu utseguke. Zili ngati basela."

"Basela? Ine basela ndimaika pamwamba munthu atalandira kale nsomba zake. Iwowo ayamba ndi basela, nsomba osaoneka? Tiye, kalankhule nayo injiniyo."

Kudoko, Zubair anaiyang'anitsitsa, nkufotokoza mokoma mbiri yonse ya mainjini. Anthu anawomba m'manja. Injini sinalire.

Mayi ake anamupatsa nkhafi.

"Palasa, bwana wophunzira."